Tisikuluwu Titatu pa Mpeni wa Manase

Mota ya chigayo cha a Issa inabedwa Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, koma pa Hara ponse sanapezeke ndi mmodzi yemwe wonena kuti waonako kanthu. Masanasana, abale! Chitsulo choti amuna atatu akanyamula amachita kubuula, n'kungotuluka m'nyumba ngati nkhuku.

Ine ndine Sajeni Leticia Kambalame, wofufuza milandu. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inanditaya kuno ku Karonga zaka zinayi zapitazo, ndipo mpaka lero ine ndi kutentha kwa kuno sitinagwirizane. Bambo akunyumba ndi ana ali ku Zomba, ndimawaona kawiri pachaka ndikachita mwayi. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti kudikira munthu ndimakudziwa kuwawa kwake.

Ndinafika pachigayopo cha m'ma 3 koloko. A Issa, bambo wa ku Mangochi amene amakonola mpunga wa alimi a pa Hara, anali akungozungulira pakhomo, mkanjo wawo woyera utada ndi fumbi.

"Wallahi amayi, ine ndinangopita kumzikiti kokaswali! Ola limodzi ndi theka basi. Pobwera ndikupeza loko ali pansi, mota palibe. Mawa alimi abwera ndi mpunga, ndiwauza chiyani? Ndiukonola ndi mano?"

"Mlonda wanu anali kuti?"

"Kumaliro. Mudzi wonse unali kumaliro. Kuno maliro akagwa, ngakhale mbuzi zimapita komweko."

Sankanama. Tsikulo ankaika mkulu wina wa m'deralo, ndipo kuno pakagwa zovuta munthu sakhala m'munda kapena pamsika. Wakubayo ankadziwa zinthu ziwiri: nthawi ya swala ya Lachisanu ndi nthawi yonyamula maliro. Sanali mlendo.

Ndinalowa m'katimo. Akuba ine ndawaona ambiri. Wakuba amaswa, amazula, amasiya zinthu zili mbwee. Koma uyu, ha! Mabawuti anayi amene ankagwira mota anawandandalika pathumba loyala bwino, lililonse atalibwezera nati yake. Malamba anawakoloweka pamsomali. Mawaya anawadula mofanana, nsonga zake n'kuzikulunga ndi tepi kuti wina asagwidwe ndi magetsi.

"Uyu anabwera kudzaba kapena kudzakonza?" ndinafunsa.

"Inu mukuseka, amayi? Ine mtima ukuwawa."

Panja panali mikukuluzi ya ngolo yolowera kumsewu wafumbi. Ndinaitsata pang'ono, inakasokonekera ndi ina yambiri. Pobwerera ndinaponda mulu wa mankhusu pafupi ndi khomo, phazi langa n'kugunda kanthu kolimba. Unali mpeni wopinda, wa m'thumba, chigwiriro chake chakuda chitasalala ndi manja. Mbali imodzi munthu analembapo ndi msomali wamoto kuti TUSE. Mpeniwo unali wakale ndithu, koma tisikuluwu titatu togwira chigwiriro tinkachita kunyezimira. Tinali tatsopano.

Nthawi yomweyo anatulukira mlonda, a Jeffrey, atavala jekete loyera la kumpingo, thukuta lili kamukamu. Atangoona chimene chinali m'dzanja langa anaima chilili.

"Chiuta wane!" anatero. "Amama, ponyani pansi uwo. Mwini wake wa mpeni uwo tinamulira kalekale."

* * *

Ndinawakhazika a Jeffrey pathumba la mpunga.

"Tiyambe ndi inu. Munali kuti masana?"

"Kumaliro, amama, fumbani aliyense. Ine ndine ndimayambitsa nyimbo kwa madodana, gulu la abambo a kumpingo. Kuyambira panyumba mpaka kumanda pakamwa panga sipanatsekeke yayi."

Ndinafunsadi pambuyo pake, ndipo anthu anayi anandiuza kuti mawu a bambowa sanawapatse mpumulo tsiku lonse. Ameneyo ndinamuchotsa pa anthu owakayikira.

"Nanga mpeniwu?"

"Ngwa Manase Mwalwimba. Tinali tonse kumgodi wa Kayelekera, ine pageti, iye kokonza makina. Mpeni uwo anampatsa kapitawo wake pochoka. Ankaukonda chomene. Kusenda mawaya ndi womwewo, kusenda mango ndi womwewo."

Ndinawalowetsa m'chigayo ndi kuwaonetsa mabawuti aja. Anagwira pakamwa.

"Uku ndi kuika kwa kumgodi. Ankawaphunzitsa choncho, kuti ukamasula bawuti, nati ibwerere pomwepo, zonse pamzere. Dzanja likazolowera silisiya. Koma amama, Manase anafwa."

"Anafa liti? Munamuika kuti?"

"Kumuika yayi. Mgodi utatsekedwa mu 2014 anakhala chaka osagwira ntchito, kenako anapita ku Chunya, ku Tanzania, kokumba golide. Patatha zaka ziwiri mng'ono wake Ambokile anamutsatira, n'kubwerako yekha. Anati dzenje linamugumukira, thupi silinatuluke. Tinalira maliro opanda bokosi. Tonse tinavomera, kupatula mmodzi."

"Ndani?"

Analoza zilembo zinayi zija.

"Tusekile, mkazi wake. Mpaka lero mpando wa mwamuna wake uli pakhonde, salola munthu kukhalapo. Abusa amene anawakaniza."

* * *

Loweruka m'mawa ndinam'peza Tusekile akuyanika mpunga pamkeka. Nyumba yake ili kumapeto kwa minda, ya njerwa zowotcha, mbali imodzi yosapaka. Mayi wowonda, wamaso akuluakulu, wazaka zosafika makumi anayi. Pakhonde panalidi mpando wamatabwa wopukutidwa bwino. Ine anandiyalira mphasa.

Nditatulutsa mpeniwo m'pepala sanafuule. Anapukuta manja ake pachitenje kawiri, kenako anaulandira ndi manja awiri ngati akulandira mwana wakhanda. Anautsegula, anautseka. Anaufikitsa kumphuno.

"Mwautenga kuti?"

Ndinamuuza zonse. Zoti mota yabedwa sizinamulowe n'komwe. Maso ake anali pachigwiriro.

"Tisikuluwu iti si take," anatero. "Take tinali ndi mitu ngati nyenyezi. Tinkatha, chigwiriro chimayamba kugwedera, iye n'kusintha yekha. Ndinamuona kawiri akusintha."

"Sankapita nawo kwa amisiri?"

"Manase? Mpeni uwu ngakhale ine sankandibwereka wosendera chinangwa." Anamwetulira pang'ono. "Ankakhala pampando apo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Amati, 'Tuse, mbale yoyera ija.' Mbale yachitsulo, kuti kasikuluwu kakagwa kalire, komanso kaoneke. Sikuludiraiva anasula yekha kuchokera ku sipoko ya njinga. Akamaliza kuyesa, amati, 'Tuse, kyutekisi.' Kumgodi anali ndi mankhwala opaka m'mazinga kuti zomanga zisamasuke. Kunyumba kuno kunalibe, ndiye ankadontheza kyutekisi wanga wofiira wopaka zikhadabo, kadontho kamodzi pa kasikuluwu kalikonse. Ndinkakalipa kuti akundithera. Iye amangoseka."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kachitini ka mafuta odzola kopanda utoto. Munali tisikuluwu takale, sikuludiraiva ina ya sipoko, ndi kabotolo ka kyutekisi. Anabweranso ndi chithunzi. Mwamuna wamtali atavala ovolosi ndi chipewa cha kumgodi, makutu ake atatuluka m'mbali mwa chipewacho ngati zogwirira za mphika.

"Popita ku Chunya mpeniwu anautenga?"

"Ndinamuikira ndine m'thumba."

"Alamu anu a Ambokile anabwera ndi katundu wake aliyense?"

"Ngakhale nsapato imodzi. Anati zonse zinakwiririka naye." Anandiyang'ana m'maso. "Ndiye mpeni wokwiririka ku Tanzania wafika bwanji pa Hara?"

Funsolo linali langa, koma analifunsa ndi iye.

"Akwathu ku Kaporo abwera katatu kudzanditenga," anapitiriza. "Amati ndikadali wamng'ono, ndikwatiwenso. Ndimawauza kuti ndionetseni manda. Zaka zisanu ndi zinayi, amama. Njinga yamoto ikangoima pamsewu apo, mtima wanga umathamanga kukafika ine ndisanadzuke. Anthu amati ndinapenga. Mwina ndinapengadi. Koma ndimamusowa, ndipo sindinamuone atafa."

Ndinayang'ana kumbali. Wapolisi salira pantchito, ndiye ndinatambasula pepala lokulungira mpeni lija.

Pobweza mpeniwo anagwira dzanja langa.

"Musandiuze zongondisangalatsa. Komanso musandibisire. Mukapeza amene anamanga tisikuluwu iti, mudzandiuze ngati mwamuna wanga ali moyo."

* * *

Kwa Ambokile ndinapeza anthu ochepa otsalira pamaliro, poti womwalirayo anali malume awo a iye ndi Manase. Ngolo inali itaima pansi pa mtengo wa mango. Ambokile ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyankhula. Mawu ake umachita kuwakoka ngati chinangwa m'dothi louma.

"Lachisanu masana munali kuti?"

"Kumanda. Kukumba."

"Mpaka nthawi yanji?"

"Mpaka kukwirira."

"Ngolo yanu inali kuti?"

"Kotuta nkhuni za pamaliro."

"Ankayendetsa ndani?"

"Pamaliro ngolo ilibe mwini. Wofuna amatenga."

Ndinatulutsa mpeni uja n'kuuika pabondo panga.

"Uwu mukuudziwa?"

"Sindinauonepo chichokereni akulu anga."

Ndiye bodza limenelo! Munthu ukamuonetsa chinthu cha m'bale wake amene anafa, amachiyang'ana, amafuna kuchigwira. A Jeffrey, munthu wapadera, anachita kuima chilili. Koma Ambokile anayankha maso ali kung'ombe zake, osaponyako ndi diso limodzi. Komabe zoti anali kumanda zinali zoona, okumba anzake anamuvomereza. Ndipo manja ake ndi a khasu. Munthu ameneyu kumupatsa kasikuluwu angakataye asanakaone.

Ndikutsanzika ndinaona mayi wina pakhonde akusambitsa mwana wazaka ngati zitatu m'beseni. Anali wooneka bwino, atavala kanga ya mawu a Chiswahili m'mphepete. Mapazi ake anali m'madzi a sopo, zikhadabo zake zopakidwa kyutekisi wobiriwira ngati masamba a mpunga wongowokedwa kumene. Ndinadabwa, chifukwa amayi a kuno sapita kumaliro atapaka zotere.

"Awa ndani?"

"Mlendo," anatero Ambokile msangamsanga. "Yunike. M'bale wa akazi anga, wa ku Kyela, ku Tanzania. Wabwera kudzalira nawo."

"Karibu, mama," anatero mayiyo, n'kuweramira mwana wake.

Ndinabwerera wopanda kanthu m'manja. Mlonda ankaimba, Ambokile ankakumba, mwini mpeni anali wakufa. Zotsala zoti ndizifunse zinali tisikuluwu titatu.

* * *

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Boma. Tinapanikizana ndi madengu a usipa mpaka ndinafika ndikununkha ngati ndine wogulitsa. Mumsika wa Karonga muli munthu mmodzi yekha amene amasunga tizitsulo tating'ono chonchi, Anwar, wokonza mawotchi, mafoni ndi magalasi a maso. Kabenchi kake kali pafupi ndi ogulitsa zitenje.

"Madamu apolisi! Mwabwera kudzandimanga kapena foni yagweranso m'ndowa?"

"Ukapitiriza pakamwa pakopo ndikumangadi. Taona ichi."

Anaika galasi lake pa diso, n'kuutembenuza mpeniwo. Kuseka kunatha.

"Iti ndi tanga. Ndinatichotsa pa laputopu yakufa. Ndinagulitsa Lachinayi lapitali, cha m'mawa."

"Ukutsimikiza?"

"Madamu, ine ana anga ndimawasokoneza mayina, koma masikuluwu anga ayi. Anabwera bambo wamtali, ndevu za imvi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili. Anati wangotsika kumene kuchokera kumalire a Songwe. Anakhuthula chitini changa chonse, kusankha kamodzikamodzi, kuyesa mazinga ndi chikhadabo. Ndinati bweretsani ndikumangireni, ndi ntchito yanga. Anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wake. Akuti, 'Mpeni uwu ndimamanga ndekha.' N'kutulutsa kasikuludiraiva kosula ku sipoko ya njinga. Ine zaka zonsezi sindinaonepo, eti."

Ndinamuonetsa chithunzi chimene Tusekile anandibwereka.

"Apa anali mnyamata. Koma makutuwo ndi omwewo, amenewo sungawaiwale."

"Anamangira pompano?"

"Ayi. Anafunsa ngati ndili ndi mankhwala a m'mazinga. Ndinati amenewo mukawapeze ku Mbeya. Iye akuti, 'Basi, ndikaona chochita kunyumba.'"

"Tamasula tione."

Anwar anayala kansalu koyera. Kasikuluwu koyamba kanalimba, anachita kuluma mlomo, kenako kanati tswa n'kuyamba kuzungulira. Anakatulutsa ndi kopanira n'kukaika pansi pa galasi.

"Aaa, koma mdala ameneyu ndi katswiri. Wapaka kyutekisi! Sanaumitsitse n'komwe, fungo likumveka."

"Wofiira?"

"Wofiira wa chiyani? Taonani nokha."

Ndinaika diso pagalasipo. M'mazinga monse munali mobiriwira ngati masamba a mpunga.

* * *

Sindinadye n'komwe pa Boma. Pofika 2 koloko ndinali nditabwerera kwa Ambokile ndi apolisi anzanga awiri pagalimoto. Yunike ndinam'peza atamanga kale chikwama. Ndinamukhazika pamphasa, ndinatambasula kapepala ka tisikuluwu n'kukaika pafupi ndi chala chake chachikulu cha kuphazi. Mtundu unali umodzi.

"Mwamuna wako ali kuti?"

"Jamani, mimi sijui kitu..." anatero m'Chiswahili, kukana kuti sakudziwa kanthu.

"Chichewa ukuchimva bwinobwino. Lachinayi madzulo anakupempha kabotolo kako, eti? Kadontho kamodzi pa kasikuluwu kalikonse."

Anayamba kulira, mwana naye n'kuyamba. Ambokile anakhala pansi pa dothi, ndipo munthu wosayankhula uja anamasuka pakamwa.

Manase sanagweredwe ndi dzenje lililonse. Golide sanamupeze, koma anapeza mkazi ku Kyela. Ambokile atamutsatira anamupeza ali pabanja. Manase anamugwira mwendo mng'ono wake kuti akanene kumudzi kuti anafa. Ankati Tusekile adzalira chaka chimodzi, abale ake adzamutenga, adzakwatiwanso, nkhani idzathera pomwepo.

"Sitinadziwe kuti alamu adzadikira," anatero Ambokile. "Chaka chilichonse ndimati ndiwauze. Ndikaona mpando uja pakhonde, mawu amandithawa."

Atamva za imfa ya malume ake, Manase anabwera mobisa ndi mkazi ndi mwana. Koma munthu amene anamulira kale sangaoneke pamaliro a wina. Anatsala m'nyumba yekhayekha, mudzi uli zii, ngolo ili pabwalo. Ku Kyela ali ndi chigayo chimene mota yake inapsa. Zinazo manja ake anachita monga anazolowera, motayo n'kuikankhira m'ngolo pamatabwa.

"Pano ali kuti?"

"Ku Ngara, kwa asodzi. Akudikira boti loti liwolotse motayo."

Anzanga aja ndinawatuma ku Ngara. Ine ndinatsala. Mlandu wa a Issa unali utatha, koma panali ngongole ya mawu imene ndinasiya kumapeto kwa minda, ndipo kunena zoona miyendo yanga sinkafuna kupitako.

* * *

Tusekile anandionera patali. Pofika ine n'kuti ataimirira kale pabwalo, lichero lili m'manja.

"Mwapeza chiyani?"

"Bweretsani mbale yoyera ija."

Anathamanga ngati mtsikana. Tinakhala pamphasa pakhonde, pamthunzi. Ndinakhuthulira tisikuluwu titatu m'mbalemo, tinalira kuti ngwee. Anatola kamodzi, anakapalasa ndi chikhadabo, anakanunkhiza.

"Kyutekisi," ananong'ona. Kenako anakuwa. "Kyala, Mulungu wanga! Ndi iyeyo! Palibe wina amachita zimenezi. Ali moyo! Amama, Manase ali moyo, si choncho?"

"Ali moyo."

Anagwada pansi, anakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. "Ndagha, ndagha, ndagha," ankangobwereza, kuthokoza m'chinenero chakwawo. "Ndinawauza ine. Ndinawauza onse!" Zoti mwamunayo waba mota sanazifunse n'komwe. Ndikanamuuza kuti wapha munthu, ndikhulupirira akanathokozabe.

Ndinalonjeza kuti sindimubisira, koma za mtundu wa kyutekisiyo ndinazisiya kaye.

Anadzuka ndi mbale ija n'kutuluka nayo padzuwa kuti aonetsetse. Anaima nthawi yaitali, msana uli kwa ine. Kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono.

"Uyu ndi wobiriwira," anatero.

"Eya."

"Wanga ndi wofiira. Wobiriwira sindinagulepo chibadwire."

Anabwerera n'kukhala pansi mwakachetechete. Sindinafunikire kutchula dzina. Ndinaona m'maso mwake akuyenda yekha njira yonse, mpaka kukafika pakhonde la alamu ake.

"Mlendo wa ku Kyela uja," anatero. "Lachisanu tinkaphika limodzi kumaliro. Mwana wake ankavuta, ndinamutenga ine n'kumubereka kumsana kuti mayi ake apume. Anagona pamsana panga, amama. Ndinamugwira timakutu take ndikuseka, ndinati mwana uyu makutu ngati a munthu wina amene ndimamudziwa. Mayi ake sanaseke."

Ndinamufotokozera zonse monga anandiuzira Ambokile, osachotsapo kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanatukwane, ndipo zinandipweteka kuposa akanatukwana. Munthu wamoyo kudziika m'manda kuti asayang'anizane ndi mkazi wake! Ndawamanga akuba ambiri, koma uyu ndinkafuna ndimuwonjezere mlandu umene m'mabuku mwathu mulibe.

"Mpeniwo uli kuti?" anafunsa.

Ndinautulutsa. Unali wophwasuka, mbali ziwiri za chigwiriro zili padera. Malamulo salola kupereka umboni kwa munthu wamba, koma tsiku limenelo ndinapereka.

"Tobiriwirato sungani, mukaonetse kukhoti," anatero. Anatsegula kachitini kake, anasankha tisikuluwu titatu takale, n'kutenga sikuludiraiva ya sipoko. "Ndinkangoonerera. Sanandilolepo."

Anagwirizanitsa mbali ziwirizo pabondo pake. Analowetsa tonse titatu pang'onopang'ono osalimbitsa, kuti mabowo ayang'anizane. Kamodzi kanamupulumuka n'kulira m'mbale, anakatola. Analimbitsa ta kumapeto, kenako ka pakati pamene mpeni umapindikira. Anautsegula, unalimba kwambiri. Anabweza kasikuluwuko pang'ono, anayesanso, unatseka bwino kuti kha. Potsiriza anatenga kabotolo kofiira kaja. Chitsekerero chinakana. Anachiluma ndi mano mpaka chinatseguka, koma m'katimo munali mouma gwa, kaburashi katamatirira pansi.

"Wauma," anatero. Anandipatsa mpeniwo. "Udzagwedera. Si kanthu."

Foni yanga inalira. Anali anzanga aja. Anam'peza Manase atakhalira motayo, atayikulunga bwino mu lona, ndipo sanalimbane nawo.

"Amama," anatero Tusekile nditamuuza, "podutsa naye, aime pamsewu apo. Sindimuchita kanthu. Ndikungofuna ndione mmene wakalambira."

Galimoto inafika dzuwa likadali pamwamba. Manase anali kumbuyo pamodzi ndi mota, maunyolo ali m'manja. Tusekile sanasinthe chitenje, sanasambe kumaso. Anayenda mpaka pagalimotopo, kachitini kali m'dzanja. Anthu anali atayamba kusonkhana, ena akuloza, amayi ena akuthawa poona munthu amene anamulira.

Tusekile anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira. Imvi, ndevu, makutu, zala. Manase maso anali pa nsapato zake.

"Mwaonda," anatero Tusekile.



Tusekile anaika kachitini kaja pamiyendo pake.

"Zanu izi. Ndazisunga mokwana."

Anatembenuka n'kubwerera kunyumba osacheuka. Ine ndinakwera kutsogolo ndi kuuza dalaivala kuti tiyeni. Tikukhota pa mlatho wa ngalande ndinasuzumira pawindo. Tusekile anali atakhala pampando uja.